Makalavani, Mchenga ndi Timabokosi Tobisika: Mafunso ndi Mayankho pa Zochitika M'chipululu cha ku America

Chisanu chikangoyamba kuluma kumpoto kwa United States ndi ku Canada, misewu yolowera kummwera chakumadzulo imadzaza ndi magalimoto okoka makalavani. Ena amakweza njinga zamoto kumbuyo, ena tigalimoto tothamanga pamchenga, ena amangotenga foni ndi chigubu cha madzi kuti akasake timabokosi tobisidwa m'miyala. Onsewa ulendo wawo ndi wa kuchipululu cha Arizona, Utah, Nevada ndi California, kufupi ndi timatauni tomwe pamapu timaoneka ngati timadontho.

Kodi munthu wabwinobwino angasiye nyumba yake n'kukagona m'chipululu chifukwa chiyani?

Chifukwa choyamba ndi kuzizira. Ku Minnesota, ku Montana kapena ku Alberta, mwezi wa Januware munthu amayamba wachotsa ndi fosholo chipale chofewa pakhomo asanatulutse galimoto. Mwezi womwewo kummwera kwa Arizona masana kumakhala dzuwa lofunda bwino, ngakhale usiku kumazizira ndithu. Choncho opuma pantchito ambiri amatseka nyumba, kukoka kalavani, n'kukakhala kumeneko mpaka kwawo kutayamba kufunda. Eni dera amawatchula kuti snowbirds.

Tauni yotchuka kwambiri pa nkhaniyi ndi Quartzsite, yomwe ili pomwe msewu waukulu wa Interstate 10 umadutsana ndi US 95. Kalembera wa 2020 anapeza anthu 2,413 okha okhazikika kumeneko, koma Januware akafika chigwa chonse chimayera mbuu ndi makalavani, anthu masauzande ambirimbiri. Kumakhala misika ya miyala yokongola ndi ya mtengo wapatali, misika ya zinthu zakale, ndi chionetsero chachikulu cha makalavani chomwe chimachitikira mu chitenti chachikulu. M'tauni momwemo muli manda a Hadji Ali, yemwe Aamerika ankamutcha Hi Jolly, mmodzi mwa oweta ngamila amene asilikali a dzikolo anawabweretsa m'zaka za m'ma 1850 poyesa ngati ngamila zingathandize kunyamula katundu m'chipululu. Pamanda pake anamangapo kapiramidi, pamwamba n'kuikapo chifanizo cha ngamila.

Chifukwa chachiwiri, chomwe zithunzi zokopa alendo sizionetsa, ndi ndalama. Pali anthu amene amagona m'chipululu chifukwa lendi ya m'tauni inawakanika. Buku la Jessica Bruder lotchedwa Nomadland, lomwe linatuluka mu 2017, ndi filimu yake yomwe inapata mphoto ya Oscar mu 2021, zinaonetsa anthu otere: achikulire okhala m'mavani, oyendayenda kusaka maganyu a nyengo. Msonkhano wawo wa chaka ndi chaka, Rubber Tramp Rendezvous, womwe anauyambitsa Bob Wells, umachitikira ku Quartzsite komweko, ndipo kumeneko amaphunzitsana kuika sola padenga la vani, kusunga madzi ndi kupeza ntchito. Kalavani ya mtengo wofanana ndi nyumba imatha kuima moyandikana ndi kavani kakutha komwe ndiko chuma chonse cha mwini wake. Wina wabwera kudzapuma, mnzakeyo alibe kwina kolowera.

Malo amagonapowo ndi a ndani? Salipira?

Ambiri mwa malowa ndi a boma, ndipo amayang'aniridwa ndi nthambi yotchedwa Bureau of Land Management, mwachidule BLM, yomwe inakhazikitsidwa mu 1946. Nthambiyi ili ndi malo okwana maekala pafupifupi 245 miliyoni, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a dziko lonse la United States, ndipo ambiri ali kumadzulo. M'madera ochuluka munthu amaloledwa kumanga msasa ulere kwa masiku 14, kenako asamuke apite patali ndithu. Kugona kotereku, kopanda mpope, magetsi kapena chimbudzi cha boma, eni ake amati boondocking.

Wofuna kukhala nyengo yonse amapita kumalo opatulidwa otchedwa Long Term Visitor Area, monga La Posa kufupi ndi Quartzsite kapena Imperial Dam kufupi ndi Yuma. Nyengo yake imayamba pa 15 Seputembala kufika pa 15 Epulo. Kwa zaka zambiri chiphaso cha miyezi isanu ndi iwiri yonseyo chinali madola 180, ndipo pa ndalamayo munthu amapeza potunga madzi, potaya zinyalala ndi pokhuthula za m'chimbudzi.

Tisaiwale kuti malowa asanakhale a boma anali ndi eni ake: Amojave, Aquechan, Aute, Apaiute ndi mitundu ina. Ena mwa iwo akadali komweko, ndipo madera awo, monga la Colorado River Indian Tribes kufupi ndi Parker, ali ndi malamulo awoawo. Chiphaso cha BLM sichigwira ntchito kumeneko.

Nanga madzi, magetsi ndi chimbudzi zimayenda bwanji?

Makalavani ambiri amakhala ndi mathanki atatu: la madzi abwino, la madzi otsukira mbale ndi osamba, ndi la chimbudzi. Moyo wa pamsasa umayendera mathanki amenewa. Loyamba likaphwa kapena lachitatu likadzaza, ulendo wa kutauni wakwana, ufune usafune. N'chifukwa chake anthu amaphunzira kusamba ndi madzi a m'kapu zingapo, kupukuta mbale ndi pepala asanaitsuke, ndi kutseka mpope popaka sopo. Magetsi amachokera ku sola ndi mabatire, ena amaliza jenereta, ngakhale oyandikana nawo samaikonda ikamalira usiku. Furiji ndi chitofu nthawi zambiri zimayendera gasi.

Za chimbudzi ndi zomwe zimasiyanitsa mlendo waulemu ndi wopanda khalidwe. M'nthaka youma mulibe chinyezi chowoletsa zinthu msanga, choncho chimene wakwirira lero, mphepo kapena nkhandwe idzachifukula chikadali chomwecho. Kuzungulira Moab ku Utah, wogona kumalo opanda chimbudzi amayenera kunyamula kachimbudzi kake n'kubwerera nazo zonse.

Kukoka kalavani n'kovuta?

Kumafuna kuphunzira. Chachikulu ndi kasanjidwe ka katundu. Akatswiri amati pa kulemera konse kwa kalavani, pakati pa 10 ndi 15 peresenti kuzitsamira pa cholumikizira chomwe chili kumbuyo kwa galimoto. Katundu wolemera akachuluka kumbuyo, kalavani imayamba kugwedezeka uku ndi uku pamsewu, makamaka chilole chikamadutsa kapena mphepo ya m'chipululu ikawomba cham'mbali. Zikatero woyendetsa asaponde mabuleki a galimoto mwamphamvu: achotse phazi pa moto, agwire chiwongolero mowongoka, n'kugwiritsa ntchito mabuleki a kalavani yomweyo. Madzi nawo amalemera, lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 150 ndi katundu wa makilogalamu 150 amene woyendetsa sakumuona. Pamitsetse italiitali ya kumapiri amatsika ndi giya yaing'ono kuti mabuleki asapse. Ndipo asanalowe ndi kalavani m'kanjira ka fumbi kosadziwika, woyendetsa wozolowera amayamba wakayendamo pansi kuti aone ngati kutsogolo kuli potembenukira.

Okwera njinga zamoto ndi tigalimoto ta m'tchire amapita kuti?

Malo awiri amamveka kuposa ena. Oyamba ndi Moab, tauni ya m'mphepete mwa mtsinje wa Colorado, pafupi ndi mapaki a Arches ndi Canyonlands. Mu 1952 Charlie Steen anapeza miyala ya uranium kufupi ndi kumeneko, ndipo osaka migodi analambula misewu paliponse m'mapiri ofiirawo. Migodi itatha mphamvu, misewu inatsala, ndipo yambiri ndi imene anthu a magalimoto a m'tchire amayendamo lero. Chikondwerero cha Easter Jeep Safari chinayamba mu 1967 ndipo chikuchitikabe nyengo ya Pasaka. Njira ya Slickrock, yozungulira makilomita pafupifupi 17 pamwamba pa thanthwe lokhalokha, inakonzedwa mu 1969 ndi okwera njinga zamoto, koma lero yatchuka ndi njinga zakapalasa. Thanthwelo linali loterera kwa akavalo ovala zitsulo kumapazi, koma tayala la labala limaligwira zolimba, moti njinga imakwera pamalo pomwe maso akukuuza kuti n'zosatheka. Woyendetsa amatsata timizere toyera topakidwa pamwala tosonyeza njira.

Achiwiri ndi mapiri a mchenga a Imperial Sand Dunes, omwe ambiri amangoti Glamis, kummwera chakummawa kwa California. Mchengawo watambalala makilomita oposa 60. Kumeneko galimoto iliyonse imayenera kukhala ndi kambendera pamtengo wautali pafupifupi mamita awiri ndi theka, kuti wobwera kuseri kwa phiri la mchenga akuone musanagundane pamwamba. Oyendetsa amaphwetsako matayala kuti atambalale, asatitimire. Pamalo a boma injini imayeneranso kukhala ndi kachipangizo kotchinga mbaliwali za moto paekizozi, popeza udzu wouma suchedwa kuyaka.

Popeza m'chipululu mulibe kanthu, tayala likuwononga chiyani?

Funso ili ndi limene limandikhudza kwambiri pa nkhani yonseyi, chifukwa maganizo oti m'chipululu mulibe kanthu ndi amene awononga malo ochuluka. Woyenda kufupi ndi Moab akagwada n'kuyang'anitsitsa pansi pakati pa zitsamba, aona kuti nthaka si mchenga wamba. Pamwamba pake pali kachikhungu kakuda, kokhala ndi timitumbira tating'onoting'ono, kokhakhala ukakakhudza. Kachikhunguko ndi kamoyo. Kamapangidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa cyanobacteria pamodzi ndi ndere, ndipo timaluka ulusi womata mchenga kuti mphepo isauuluze. Kamasunga chinyezi mvula ikagwa, kamakoka nayitrojeni mumpweya n'kudyetsa nthaka, ndipo mbewu za zitsamba zimamera m'timing'alu take. Wasayansi Jayne Belnap wa bungwe la US Geological Survey, yemwe wagwira ntchito ku Moab kwa zaka zambiri, ndi mmodzi mwa amene anasonyeza kuti kachikhunguka kakaphwanyidwa ndi tayala, chiboda cha ng'ombe kapena nsapato, kamatenga zaka makumimakumi kuti kabwerere, ndipo m'malo ouma kwambiri zaka mazana.

Kakaphwanyika, nthaka imasanduka fumbi. Fumbilo limauluka n'kukatera pa chipale chofewa cha m'mapiri a Rocky ku Colorado, chipalecho n'kuda, n'kuyamba kumwa kutentha kwa dzuwa ndi kusungunuka nthawi isanakwane. Madzi ake ndi amene amadyetsa mtsinje wa Colorado, womwe anthu pafupifupi 40 miliyoni amaudalira. Fumbilo silichokera ku matayala okha, ziweto, migodi ndi chilala zilinso ndi mbali yake, koma tayala lopatuka panjira limawonjezerapo.

Umboni wa kuchedwa kupola kwa chipululu ulipo woti munthu akauone ndi maso. Mu 1942 Jenerale George Patton anatsegula malo ophunzitsira asilikali m'chipululu cha California ndi Arizona pokonzekera nkhondo ya kumpoto kwa Africa. Mikukuluzi ya akasinja ake ikuonekabe mpaka lero, zaka zoposa 80 zitadutsa. Kumpoto kwa tauni ya Blythe kuli zithunzi zikuluzikulu za anthu ndi nyama zomwe makolo a eni dera anajambula pansi pochotsa timiyala takuda ta pamwamba kuti nthaka yoyera ionekere. Chachikulu chimatalika mamita pafupifupi 52. Lero anazitchinga ndi mpanda, koma mizere ya matayala a anthu amene anadutsapo mpandawo usanamangidwe idakalipo, yalowerera m'chithunzi momwemo.

Palinso kamba wa m'chipululu cha Mojave, yemwe boma linamuika pa mndandanda wa nyama zomwe zili pangozi mu 1990. Nthawi yambiri amakhala m'una, ndipo galimoto yodutsa pamwamba imagumula unawo iye ali momwemo. Ngakhale kumunyamula chabe n'koopsa: akachita mantha amataya madzi amene anasunga m'chikhodzodzo, omwe ndi amene akanamupulumutsa pa chilala.

Ichi n'chifukwa chake kuyambira 1972, pomwe Pulezidenti Richard Nixon anasaina lamulo la magalimoto a m'tchire pamalo a boma, madera amagawidwa: ena otseguka, ena oyenda m'njira zovomerezeka zokha, ena otsekedwa. Ine sindiona cholakwa pa munthu wokonda liwiro ndi fumbi. Pathanthwe la Slickrock kapena pamchenga wotseguka wa Glamis, womwe mphepo imausalaza, asangalale mmene angathere. Chimene sindingachivomereze ndi kupatuka panjira pofuna kudula kona kapena kujambula chithunzi chabwino, chifukwa mkukuluzi umodzi umaitana wachiwiri, ndipo pakatha nyengo imodzi pamakhala msewu pomwe panalibe.

Tsono geocaching n'chiyani?

Ndi masewera obisa ndi kusaka zinthu pogwiritsa ntchito GPS. Mpaka kumayambiriro kwa Meyi 2000, boma la United States linkasokoneza dala uthenga wa masetilaiti a GPS wopita kwa anthu wamba, moti kachipangizo kankatha kuphonya ndi mamita pafupifupi 100. Pulezidenti Bill Clinton analamula kuti kusokonezako kuthe, ndipo pa 2 Meyi zipangizo zinayamba kuloza malo molondola kuwirikiza pafupifupi kakhumi. Pa 3 Meyi, Dave Ulmer anabisa chidebe chakuda m'tchire kufupi ndi Beavercreek ku Oregon, muli mabuku, mavidiyo, ndalama pang'ono, legeni ndi chitini cha nyemba, n'kulengeza manambala a malowo pa intaneti. Patangopita masiku ochepa anthu anachipeza. Mu Seputembala chaka chomwecho Jeremy Irish anatsegula tsamba la Geocaching.com, ndipo lero zobisidwa zoterezi zaposa 3 miliyoni m'maiko oposa 190.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Foni imakufikitsa pamtunda wa mamita ochepa kuchokera pomwe pali kabokosi, kwatsalako ndi ntchito ya maso. M'chipululu nthawi zambiri kamakhala kabokosi kachitsulo kosungiramo zipolopolo za asilikali, popeza pulasitiki imang'aluka ndi dzuwa, ndipo amakabisa pansi pa kamulu ka miyala komwe kamaoneka kuti sikanadziunjike kokha. Mkati mumakhala kabuku kofumbira, pensulo, ndi tizidole ta ana. Umalemba dzina ndi tsiku, ukatenga kanthu umasiyapo kena kofanana nako mtengo, n'kubwezera kabokosiko pomwe unakapeza. Malamulo a tsambalo amaletsa kukwirira kabokosi pansi, ndipo timabokosi tiwiri tisayandikane kuposa mamita 161.

Phindu lake n'chiyani ngati m'bokosimo mulibe chamtengo?

Phindu ndi malo amene kabokosi kakufikitsako. Obisa ambiri ndi eni dera kapena alendo obwera chaka ndi chaka, ndipo amasankha malo amene akufuna kuti ena awaone: kanyumba kamiyala ka wokumba golide, chitsime chakale, kaphiri koonera chigwa chonse. Kwa wopuma pantchito amene akhala m'kalavani miyezi isanu, ndi chifukwa chabwino chodzukira m'mawa n'kuyenda pansi.

Ena amakonda kuchuluka. Ku Nevada, m'mphepete mwa msewu wa 375, womwe mu 1996 unapatsidwa dzina loti Extraterrestrial Highway chifukwa uli kufupi ndi malo achinsinsi a asilikali a Area 51, munabisidwa timabokosi toposa 1,000 motsatizana. Anthu amachoka kutali kudzatisaka masiku angapo, ndipo amagona ndi kudya m'timidzi ngati Rachel, komwe mlendo aliyense wogula chakudya amawerengedwa. Kwa ine kusaka kotereku kumaoneka ngati ntchito ya kuwerengera chabe, koma ogulitsa m'timidzimo sangagwirizane nane.

Osaka timabokosi nawonso amawononga?

Amatha kutero. Anthu makumi akamatsata muvi wa pafoni molunjika, amapondereza kanjira katsopano kopita kukabokosi, pa nthaka yomweyo yosachedwa kuphwanyika. M'mapaki oyang'aniridwa ndi National Park Service kubisa kabokosi popanda chilolezo n'koletsedwa, ndipo m'malo mwake muli mtundu wotchedwa EarthCache, momwe munthu amafika pamalo n'kuyankha mafunso okhudza miyala ya pamenepo osasiya kanthu. Wopeza phale la mphika wakale kapena nsonga ya muvi pafupi ndi kabokosi azisiye pomwepo: lamulo la 1979 loteteza zinthu zakale pamalo a boma limapereka chilango chachikulu kwa wofukula kapena kuwononga malo otere.

Choopsa kwambiri m'chipululu n'chiyani? Njoka?

Njoka zilipo, makamaka zija zolira kumchira, ndipo wosaka kabokosi asapise dzanja pomwe maso sanaone. Koma zopha anthu kwambiri ndi kutentha ndi madzi. Chilimwe ku Quartzsite kutentha kumapitirira madigiri 40 kwa masabata ambiri, ndipo ku Death Valley pa 10 Julayi 1913 kunafika madigiri 56.7. Oyang'anira mapaki amalangiza malita anayi a madzi pa munthu pa tsiku, kuposa pamenepo ngati akuyenda pansi. Galimoto ikafa, ndi bwino kukhala pomwepo, chifukwa osaka amaiona msanga kusiyana ndi munthu woyenda yekha. Netiweki ya foni imasowa malo ambiri, choncho mapu azisungidwa m'foni ulendo usanayambe, ndipo pakhale wina wodziwa komwe wapita ndi nthawi yobwerera.

Madzi osefukira ndi amene amadzidzimutsa alendo. Makwawa ouma a m'chipululu amakopa omanga msasa chifukwa ndi osalala, a mchenga wofewa, ndipo mitengo ya mthunzi imamera m'mbali mwake. Koma nthaka ya kumeneko simwa madzi msanga. Mvula ikagwa kumapiri kutali, pomwe uli kuli dzuwa, madzi amatsika m'khwawa ngati napolo, atasenza matope, miyala ndi zipika. Pa 12 Ogasiti 1997 alendo 11 anafa motere ku Lower Antelope Canyon kufupi ndi Page ku Arizona, mvula itagwa makilomita angapo kumtunda. Migodi yakale ndi msampha wina. Madera amenewa ali ndi maenje masauzande ambiri osatsekedwa, ena m'mbali mwa njira zomwe okwera njinga amathamangamo, ndipo matabwa ochirikiza mkati anafumbwa kalekale.

Nanga eni matauniwo amawaona bwanji alendowa?

Amawafuna, komanso amatopa nawo. Ku Quartzsite mabizinesi ambiri amapeza ndalama ya chaka chonse m'miyezi ya chisanu, ndipo dzuwa likayamba kuswa mtengo ena amatseka zitseko. Ku Moab alendo ndi amene anadzutsa tauni migodi itagwa m'zaka za m'ma 1980, koma nyumba zakwera mtengo moti ogwira ntchito m'mahotela ndi m'malesitilanti amavutika kupeza pokhala, ndipo ena mwa iwo amagona m'mavani pamalo a boma omwewo. Malamulo a Utah amalola tigalimoto ta m'tchire kuyenda m'misewu ya m'tauni tikakwaniritsa zofunika, ndipo phokoso lake lakhala likudandaulitsa anthu okhala m'njira zopita kumapiri.

Kuzungulira Moab, malo ambiri omwe kale munthu ankangoima paliponse n'kugona, lero amaloledwa pamalo oikidwa chizindikiro pokha. Mu 2023 BLM inatseka kwa magalimoto njira zotalika makilomita pafupifupi 500 m'dera la Labyrinth Rims ndi Gemini Bridges, kumpoto chakumadzulo kwa tauniyo, ndipo boma la Utah pamodzi ndi magulu a oyendetsa anatsutsa chigamulocho. Dandaulo lawo lili ndi mfundo yomveka: kwa okalamba ndi olumala, galimoto ndiyo njira yokha yofikira kumalo amenewa, ndipo si bwino kuwatsekera kunja chifukwa cha zochita za ena. Oteteza chilengedwe nawo amaloza makwawa okumbika, nkhosa zam'tchire zothawa phokoso, ndi opalasa mabwato pamtsinje wa Green amene amamva injini tsiku lonse. Mbali ziwirizi zikukanganabe, njira ndi njira, pamapu a BLM ndi m'makhoti.